Mtima Ukakana Kukhazikika pa Ukalamba

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mwambi umenewu umamveka pa maukwati, pa maliro ndi pa milandu ya m'banja, ndipo ndi woona: mkangano ukakula anthu amathamangira kwa agogo, kwa amalume kapena kwa azakhali kuti akauzimitse. Koma ndi ochepa amene amafunsa za moto umene umayaka m'kati mwa wamkuluyo. Masana amaweruza nkhani za ena modekha, usiku tulo n'kumuthawa. Tambala woyamba amalira iye ali maso, akuwerengera ndalama za penshoni zimene sizikukwanira mankhwala, akuganizira mwana amene anapita ku Johannesburg ndipo wasiya kuyankha foni, akukumbukira mawu owawa amene anauza m'bale wake zaka 30 zapitazo, m'baleyo n'kumwalira asanagwirane chanza.

Akhristu ambiri achikulire amadandaula chinthu chimodzi. Akagwira korona kapena akagwada pamaso pa Ukaristia, maganizo amabalalika kuposa mmene ankachitira ali achinyamata. Amayamba Tikuoneni Maria ali m'tchalitchi, pomaliza ali kumudzi akuyeza malire a munda. Ena amafika poganiza kuti chikhulupiriro chawo chazirala, ena amati Mulungu wawataya, ndipo ena amangosiya kupemphera paokha poopa kuti akumuchita Mulungu chipongwe. Ngozi yaikulu ili pa kusiyako. Mpingo unalidziwa vutoli kalekale, ndipo chimene umaphunzitsa ndi ichi: munthu asadikire kuti m'mutu muti zii kuti apemphere, koma aphunzire kubwerera kwa Mulungu phokoso lili m'kati, ndi kuyankha masana zimene zimamuvutitsa usiku.

Chifukwa chake maganizo amachuluka

Choyamba ndi kutha kwa ntchito. Munthu amene wagwira ntchito zaka 35 mu ofesi, m'kalasi kapena pa msika amakhala ndi zomutangwanitsa kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Nkhawa zimakhalapo, koma sizipeza mpata woyankhula. Akapuma pa ntchito, monga amachitira ambiri a m'boma akakwanitsa zaka 60, tsiku limatalika ndipo zonse zimene zinkadikira panja zimalowa nthawi imodzi. M'tauni vutoli limakula. Kumudzi nkhalamba imakhala pakhonde, odutsa n'kumaipatsa moni ndi kuifunsa nzeru. Kuno mpanda wa njerwa ndi geti zimatseka zonsezo: ana ali ku ntchito, adzukulu ali ku sukulu, ndipo wotsala nayo ndi wailesi yolengeza za maliro ndi za kukwera mtengo kwa zinthu.

Chachiwiri ndi kuchuluka kwa zakale. Wachinyamata akalakwa amadzitonthoza kuti adzakonza m'tsogolo. Wa zaka 70 amadziwa kuti zina sizidzakonzekanso, pakuti madzi akatayika saoleka. Maliro a mnzake aliyense wa msinkhu wake amamukumbutsa kuti nthawi yafupika.

Chachitatu ndi kuchepa kwa mphamvu. Pa Yohane 21:18 Ambuye Yesu anachenjeza Petulo kuti ufulu wa paunyamata, wodziveka yekha ndi kupita kumene wafuna, udzatha akadzakalamba, ndipo ena ndiwo adzamutsogolera. Yohane akufotokoza kuti mawuwo ankalozera imfa ya Petulo, komabe nkhalamba iliyonse imadzimva m'menemo. Bambo amene ankalamula pakhomo tsopano akudikira kuti mwana amutumizire ndalama pa foni. Mayi amene ankadyetsa banja lonse tsopano akuuzidwa zoti adye ndi zoti asadye. Manja akalephera kugwira zinthu, mutu umayesa kuzigwira m'malo mwake, ndipo umazigwira usiku wonse.

Phunziro la Teresa Woyera

Teresa Woyera wa ku Avila, m'dziko la Spain, anabadwa mu 1515 ndipo anamwalira mu 1582. Pa nkhani ya pemphero ndi mmodzi wa aphunzitsi otchuka, ndipo Papa Paul VI anamutcha Mphunzitsi wa Mpingo mu 1970. Wina angaganize kuti munthu wotere akagwada mtima wake unkangokhazikika. Iye mwini analemba zosiyana. Kwa zaka pafupifupi 20 za moyo wake wa usisitere pemphero la mumtima linkamuvuta, kotero kuti nthawi zambiri ankangotchera khutu kuti wotchi ilira liti, ola lopemphera lithe. Pa nthawi ina analeka pempherolo kwa chaka chathunthu ndi kupitirira, poganiza kuti wochimwa ngati iye sayenera kucheza ndi Mulungu. Pambuyo pake anazindikira kuti kumeneko kunali kudzichepetsa kwabodza, ndi kuti kulekako ndiko kunamuika pa ngozi yoposa zonse.

Mu 1577, ali ndi zaka 62, analemba buku lofanizira mtima wa munthu ndi nyumba yachifumu ya zipinda zambiri, Mulungu ali m'chipinda chapakati. Chinali chaka chowawa. Ntchito yake yokonzanso chipani cha asisitere a Carmel inkatsutsidwa kwambiri, thanzi lake linali lofooka, ndipo m'bukulo akudandaula kuti m'mutu mwake munali phokoso longa la mitsinje yosefukira ndi la mbalame zambiri. Chimene chinamumasula ndi chimene anaphunzira atafunsa munthu wina wodziwa: maganizo ongoyendayenda ndi mtima wofuna Mulungu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Munthu angathe kukhala pafupi ndi Mulungu m'kati mwenimweni pamene kunja maganizo akungosauka. Teresa anayerekeza maganizowo ndi kugogoda kwa chigayo, kumene sikuletsa ufa kutuluka. Aliyense amene anaimapo pa mzere ku chigayo amadziwa kuti palibe wobwerera ndi chimanga chake chifukwa cha phokoso. Chimene amayang'ana ndi ufa umene ukugwera m'thumba.

Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, amene anatuluka mu 1992, akuphunzitsa zomwezi pa nambala 2729. Akuvomereza kuti kubalalika kwa maganizo ndilo vuto la masiku onse pa pemphero. Akuchenjeza kuti kuyamba kusakasaka maganizowo kuti awathamangitse ndiko kugwa mu msampha wake, pamene chofunika n'kungobwerera mumtima. Wolondera mphale pa mphasa akathamangitsa nkhuku imodzi mpaka kuseri kwa nyumba, amapeza zina zadya kale. Wanzeru amaiingitsa ali pomwepo. Katekisimuyo akuonjezanso mfundo ina yofunika: ganizo losokoneza limaulula chimene mtima waumirira, ndipo munthu akachizindikira modzichepetsa amakhala ndi choti apereke kwa Mulungu kuti achiyeretse.

Motero maganizo onse si ofanana. Ganizo longodutsa, monga la ndiwo za mawa, lisiyidwe lidutse. Koma ganizo limene limabwera usiku uliwonse pa ola lomwelo lili ndi uthenga, ndipo silidzaleka kugogoda mpaka litayankhidwa. Maganizo otere amachokera ku mbali zitatu: ku zakale, ku zam'tsogolo ndi ku thupi. Mbali iliyonse ili ndi mankhwala ake.

Zochokera ku zakale

Augustine Woyera, mwana wa Afrika amene anabadwa mu 354 m'dera limene lero ndi Algeria, anayamba buku lake la Confessions ndi chiphunzitso chakuti munthu analengedwera Mulungu, ndipo n'chifukwa chake palibe china chimene chingakhazike mtima wake pansi. Anali ndi zakale zambiri zochititsa manyazi, ndipo sanazibise. Mmene anakonzekerera imfa yake ndi phunziro kwa okalamba onse. Mu 430, ali ndi zaka 75, anadwala pamene asilikali a mtundu wa Vandal anali atazinga mzinda wa Hippo umene iye anali episkopi wake. Ntchito ya zaka zoposa 30 inkaoneka ngati ikugwa iye akuona. Mnzake Possidius, amene analemba mbiri yake, akufotokoza kuti Augustine anapempha kuti amulembere masalimo a kulapa ndi kuwapachika pa khoma pafupi ndi bedi lake, ndipo masiku ake omaliza anawathera powawerenga akulira. Za nkhondo sakanatha kuchitapo kanthu. Za mtima wake akanatha, ndipo anasankha zimenezo.

Kwa mkhristu wa lero njira ndi yomweyo. Ngati pali tchimo limene lakhala likubisidwa zaka zambiri, Sakramenti la Kulapa lilipo, ndipo wodwala kapena wolephera kuyenda angathe kutumiza uthenga kuti wansembe amuyendere kunyumba. Ngati tchimolo linalapidwa kale moona ndipo wansembe anapereka chikhululukiro, ngongoleyo inatha. Kukumbukira kumene kwatsala ndi chipsera chabe, ndipo chipsera sachitsegulanso kuti aone ngati bala linapola. Ganizolo likabwera, yankho lake n'kuthokoza Mulungu amene anakhululuka kale.

Pamene cholakwacho chingakonzeke, chikonzedwe munthu akali moyo. Ndalama za m'bale zimene zinadyedwa zibwezedwe, ngakhale pang'onopang'ono. Mwana amene anakanidwa avomerezedwe. Foni imene yakhala ikuzengerezedwa iimbidwe sabata ino. Ndipo pamene wolakwiridwayo anamwalira, mkhristu sanasowe chochita: Mpingo umaphunzitsa kuti amoyo angathandize akufa ndi mapemphero awo, makamaka nsembe ya Misa. Kupempha Misa ya munthu amene anasiyana naye mokangana ndi njira yeniyeni yomupepesera.

Zochokera ku zam'tsogolo

Pa Luka 10:38-42 Marita anali kugwira ntchito yabwino, yolandira mlendo. Yesu sanamudzudzule chifukwa chophika. Anamuonetsa kuti mtima wake unali utagawikana pa zinthu zambiri mpaka kuiwala mlendo amene ankamuphikirayo. Nkhawa za ukalamba nazonso zambiri ndi za zinthu zabwino: ana, adzukulu, nyumba, maliro olemekezeka. Vuto ndi lakuti zimabwera zonse pamodzi ngati mulu umodzi wosanyamulika.

Muluwo umapepuka ukagawidwa pawiri. Mbali yoyamba ndi ya zimene munthu angachitepo kanthu. Amene sagona poopa kuti achibale adzalanda mkazi wake ndi ana nyumba iye akadzapita, alembe wilo mothandizidwa ndi wodziwa malamulo. Dziko la Malawi lili ndi lamulo la chuma cha masiye la 2011 limene limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo wilo yolembedwa bwino imatseka mikangano yambiri isanayambe. Kulemba wilo sikuitana imfa. Chimodzimodzi nkhani ya munda wa kumudzi, ya mapepala a poloti ndi ya kumene munthu akufuna kudzaikidwa: zikakambidwa masana ana onse alipo, zimaleka kubwera usiku.

Mbali yachiwiri ndi ya zimene sizili m'manja mwa munthu: ukwati wa mwana umene ukugwedezeka, mdzukulu amene wasiya kupita ku tchalitchi, tsiku la imfa. Monica Woyera anapempherera mwana wake Augustine zaka zambiri. Mwanayo anabatizidwa mu 387 ali ndi zaka 32, ndipo mayiyo anamwalira chaka chomwecho. Ena saona n'komwe zimene anapempherera. Simeoni wa pa Luka 2:25-35, amene mwambo wa Mpingo umamuona ngati nkhalamba, anangonyamula khanda m'manja. Sanaone zozizwitsa za Yesu, sanamve ulaliki wake, sanaone kuuka kwake. Komabe anati zamukwanira, ndipo anapempha kuti apite mu mtendere. Pambali pake panali Ana, mayi wamasiye amene Luka akumutchulira zaka 84, wosachoka m'Nyumba ya Mulungu. Onse awiri anaona chiyambi chokha ndipo mathero anamusiyira Mulungu. N'chifukwa chake Mpingo umapemphera nyimbo ya Simeoni usiku uliwonse m'pemphero lomaliza la tsiku.

Zochokera ku thupi

Pa 1 Mafumu 19 mneneri Eliya anathawa Yezebele, anakhala pansi pa kamtengo m'chipululu ndipo anapempha kuti afe. Mulungu sanayambe ndi kumulalikira. Anamulola agone, ndipo mngelo anamudzutsa kawiri kuti adye ndi kumwa. Pambuyo pake, atayenda masiku 40 mpaka ku phiri la Horebu, ndi pamene Eliya anakumana ndi Mulungu, osati mu mphepo yamkuntho, m'chivomezi kapena m'moto, koma mu kabata. Thupi linayamba lasamalidwa, khutu n'kutseguka pambuyo.

Kusakhazikika kwina kumene anthu amakuyesa vuto la uzimu ndi nkhani ya thupi. Munthu akamakula tulo timapepuka ndipo amadzuka pafupipafupi. Matenda a shuga ndi vuto la chikhodzodzo zimamudzutsa kuti akataye madzi, ndipo akabwerera maganizo amamupeza ali maso. Kupweteka kwa mafupa kumachita chimodzimodzi. Tiyi wamphamvu, khofi ndi zakumwa zina za m'botolo zikamwedwa madzulo zimathamangitsa tulo. Mowa umagonetsa msanga koma umadzutsa pakati pa usiku. Kugona nthawi yaitali masana kumadya tulo ta usiku, pamene kuyenda pang'ono m'mawa dzuwa likuwala kumathandiza.

Pali zizindikiro zimene siziyenera kungopemphereredwa. Munthu akakhala milungu iwiri kapena kuposera ali wokhumudwa, wosafuna kudya, wosakondwa ndi chilichonse, kapena akayamba kulankhula zofuna kufa, apite naye kuchipatala msanga, pakuti matenda a maganizo ali ndi chithandizo. Kupita kwa dokotala sikusonyeza kuchepa kwa chikhulupiriro. Sakramenti la Kudzoza Odwala nalonso si la okhawo amene akutsirizika. Mpingo umalipereka kwa aliyense amene wafooka kwambiri chifukwa cha matenda kapena ukalamba.

Kutseka tsiku dzuwa likalowa

Ignatius Woyera wa ku Loyola, amene anamwalira mu 1556, anasiya njira yaifupi yodzifufuza imene imakwana mphindi 15. Munthu amayamba ndi kuthokoza Mulungu pa zabwino zimene walandira, kuzitchula chimodzichimodzi. Kenako amapempha kuwala kuti adzione mmene Mulungu akumuonera. Amayenda m'tsiku lonse kuyambira pamene anadzuka, kuona pamene anachita bwino ndi pamene anaphonya. Amapepesa. Pomaliza amasankha chinthu chimodzi choti akonze mawa, n'kutseka ndi Atate Athu.

Kwa wachikulire ndi bwino kuchita izi madzulo, tulo tisanafike, wailesi ndi foni zitazimitsidwa. Amene amatha kulemba asunge kabuku: nkhawa imene ili ndi chochita ilembedwe pamodzi ndi tsiku loichitira, ndipo imene ilibe chochita itchulidwe dzina pamaso pa Mulungu n'kusiyidwa pomwepo. Ikabweranso pakati pa usiku, munthu akhoza kuiuza kuti nkhani yake inakambidwa kale.

Akadzuka usiku asayambe kukangana ndi maganizo. Atenge pemphero lalifupi, ngakhale dzina la Yesu lokha, alinene pang'onopang'ono motsatana ndi kupuma kwake, kapena agwire korona. Maganizo akathawa abwerere mofatsa, osadzikalipira. Akathawa kakhumi abwerere kakhumi, pakuti kubwerera kulikonse ndi kusankha Mulungu kachiwiri. Kugona korona isanathe si tchimo. Ndipo chizolowezichi sichibala zipatso pa sabata imodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Salimo 131 likufanizira mtima wodekha ndi mwana amene waleka kuyamwa ali pa chifuwa cha mayi ake. Mayi aliyense amadziwa kuti mwana saleka kuyamwa mwamtendere: amalira masiku angapo, akuganiza kuti mayi amukana. Pambuyo pake amabwerera pa miyendo pomwepo, osafunanso bere, kungofuna mayiyo. Ukalamba umachotsa ntchito, mphamvu, ulamuliro ndi abwenzi chimodzichimodzi, ndipo kulira kumene kumatsatira si chizindikiro chakuti Mulungu wachoka.

Udindo wa banja ndi mphakati

Mutu umodzi susenza denga. Papa John Paul II analembera okalamba kalata mu 1999, iye ali ndi zaka 79, kuwalankhula ngati mnzawo. Mu 2021 Papa Francis anakhazikitsa tsiku la agogo ndi okalamba, limene limakumbukiridwa Lamulungu lachinayi la mwezi wa Julayi, pafupi ndi chaka cha Yowakimu ndi Ana Oyera, agogo ake a Yesu. Koma tsiku limodzi pa chaka silingalowe m'malo mwa mwana amene amakhala pansi ndi kumvetsera.

Ana ambiri a m'tauni amatumiza ndalama mokhulupirika, koma makolo akayamba kufotokoza zimene zikuwavuta amawadula ndi mawu akuti asamaganize kwambiri. Mawu amenewa sanachiritsepo munthu. Nkhawa imene yakanidwa masana imabwerera usiku itakula. Chothandiza n'kufunsa chimene chikuwasowetsa tulo, kumvetsera mpaka atamaliza, ndi kuwauza zoona za mmene zinthu zilili m'banja, chifukwa chobisidwa amachiganizira moipa kuposa mmene chilili.

Palinso chenjezo lalikulu. Nkhalamba ina imayamba kuiwala mayina a ana ake, kusochera pa njira imene ikuidziwa, kuyankhula yokha kapena kutuluka panja usiku. Awa ndi matenda a ubongo amene madokotala amawadziwa, ndipo wodwalayo afunika chisamaliro. M'dziko muno okalamba ena anyozedwa, athamangitsidwa pakhomo ngakhale kuphedwa powanamizira ufiti. Mkhristu sangatenge nawo mbali pa zimenezi, ndipo mphakati uyenera kukhala woyamba kuteteza munthu wotere.

Mafunso okambirana ku mphakati

1. Kodi mu mphakati muno alipo achikulire angati amene sakutha kufika ku Misa, ndipo anayenderedwa liti komaliza?

2. Teresa Woyera analeka kupemphera poganiza kuti ndi wosayenera. Kodi mkhristu amene wafika pamenepo angathandizidwe bwanji kuti ayambirenso?

3. Ndi nkhani ziti za m'banja zimene zimazengerezedwa mpaka pa maliro, pamene zikanakambidwa makolo akali moyo?

4. Nkhalamba ya m'dera lino itayamba kunenedwa za ufiti, mphakati ungachitepo chiyani tsiku lomwelo?